Kuumba Msewu wa Kumapiri

Msewu wa kumapiri sukhota pachabe. Aliyense amene anayendapo kuchokera ku Mponela kukwera ku Ntchisi, kapena kutsika pa boma la Dowa kulowera ku Chezi, akudziwa kuti gulaye aliyense ali ndi mwini wake. Pena mwini wake ndi thanthwe limene gireda inalephera kulisuntha. Pena ndi khwawa limene madzi anakumba anthu asanayambe n'komwe kulambula misewu. Pena ndi manda a mudzi, amene ngakhale woyeza misewu wouma mutu chotani amawalambalala. Tikakhala m'minibasi zimenezi sitiziona. Timangomva thupi likupendekera uku ndi uku, n'kumadandaula kuti ulendo watalika. Munthu amayamba kuziona tsiku limene wafuna kuumba msewu womwewo ndi manja ake, waung'ono, pa thabwa lokwana pa tebulo.

Kunja kuli anthu ambiri amene madzulo awo amathera pa ntchito imeneyi. Amayala tinjanji m'chipinda n'kuyendetsapo tisitima ta magetsi, ndipo mozungulira tinjanjito amaumba dziko lathunthu: mapiri, milatho, minda, misewu, nyumba. Ku Hamburg, m'dziko la Germany, kuli Miniatur Wunderland, imene abale awiri, Frederik ndi Gerrit Braun, anatsegula mu 2001, ndipo tinjanji take tikalumikizidwa timatalika makilomita oposa 15. Komatu sitimayo amagula kusitolo, yopangidwa kale kufakitale, moti aliyense wa ndalama angakhale nayo. Dziko limene sitimayo idutsamo ndi limene limafuna manja ndi maso a mwini wake. Apo mpamene pamasiyanira amene anayang'anitsitsa ndi amene anangodutsa.

M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi luso limeneli lili m'manja mwa ana. Mnyamata amatola waya wa mpanda wakale, kuupinda ndi mwala, kumanga mfundo zake ndi malegeni, matayala n'kudula pa patapata lakutha kapena kutenga zitsekerero za mabotolo, chiwongolero n'kuchitalikitsa mpaka m'chiuno kuti aziyendetsa ali chiimire. Galimoto yotereyi inafika mpaka m'mabuku a ana a kunja: mu 1990 Karen Lynn Williams, amene anakhalapo m'Malawi muno, anatulutsa buku lotchedwa Galimoto, la mwana wofunafuna waya. Kusukulu nako aphunzitsi amaumba mapu a dothi pabwalo, mapiri ndi mitsinje yake, potsatira njira ya TALULAR yophunzitsira ndi zinthu zopezeka pamalopo. Alendo amakonda kujambula galimoto ya waya ndi mwini wake akumwetulira, koma ndi ochepa amene amatsitsa kamera kuti aone pamene galimotoyo ikuponda.

Pansipo pali msewu. Anawo amaupala ndi khasu lakutha, kuyambira pa mtengo wa mango, kuzungulira nkhokwe, kutsikira kudzala. Pamene madzi a kubafa amadutsa amagonekapo timitengo n'kuthirapo dothi, ndiye mlatho umenewo. Pa chulu msewu sukwera molunjika, umazungulira, chifukwa lole ya waya yodzaza zitsononkho imakhuthula katundu ikakwera mwachindunji. Ndinamvapo wina akudzudzula mnzake: “Iwe, gulaye wakoyu wachepa, lole ya fodya singakhote apa.” Mnzakeyo sanatsutse. Anafafaniza ndi phazi n'kumukuza. Msewu wawo umaoneka weniweni chifukwa umayendedwa, ndipo palibe chimene chili pamenepo chongokometsera.

Wamkulu akafuna kuchita zomwezo pa thabwa, choyamba kukumana nacho ndi masamu. Omanga tinjanji ali ndi miyeso yawo yokhazikika. Wofala kwambiri amautcha HO, pamene chinthu chimachepetsedwa ka 87. Ku Britain amakonda OO, ka 76, ndipo palinso N, ka 160, wa anthu a nyumba zothina. Titenge wa 87. Munthu wotalika mita 1.7 amasanduka kachidole ka masentimita 2. Msewu wa mamita 6 m'lifupi umakhala masentimita 7. Kanjira ka kumjigo, kamene munthu amadutsa yekha ndowa ili pamutu, sikafika theka la sentimita. Mpaka apa zonse zikukoma. Koma kilomita imodzi imafuna mamita 11 ndi theka, kuposa kutalika kwa nyumba zambiri za kumudzi. Ndipo ukati uumbe phiri la Ntchisi kuyambira pamene pali madzi a nyanja ya Malawi mpaka pansonga pake, choumbacho chingakwere kuposa mamita 13.

Choncho phiri lonse silingalowe m'nyumba. Umasankha kachigawo, ndipo kachigawo komweko umakafinyanso. Ine ndinasankha malo amene msewu wa dothi umatsika m'mbali mwa chitunda, kudutsa pa kalavati, n'kukweranso kutsidya. Kumtunda kuli minda ndi mudzi, kumunsi kuli dimba. Pa malo enieniwo nyumba zilipo zambiri, pa thabwa zatsala zochepa. Kufinya kumeneku sikunama, malinga zotsalazo zikugwirizanabe: dimba likhale kumene madzi amaima, chigafa chikhale pafupi ndi munda wa fodya, khola likhale poti mwini wake angamve mbuzi zikalira usiku. Bodza limayambira pamene waika chinthu chifukwa choti panali mpata ndipo unafuna kudzazapo.

Pa thabwa langa palibe njanji, ndipo chandiletsa ndi phiri lomwelo. Njanji ya dziko lino inafika ku Blantyre mu 1908, ku Salima mu 1935, kenako inakwera kuchokera ku Salima kufika ku Lilongwe mu 1979 ndi thandizo la dziko la Canada, n'kupitirira ku Mchinji mu 1980. Pa boma la Ntchisi kapena la Dowa sinafikepo. Tayala lachitsulo pa njanji yachitsulo limaterera. Chitunda chokwera mamita 2 pa mamita 100 alionse, chimene wa kabaza amakwera osatsitsa kasitomala, kwa sitima yodzaza katundu ndi ntchito yolemetsa. N'chifukwa chake njanji imafunafuna zigwa, imazungulira patali, imadula zitunda ndi kukwirira makwawa, pamene msewu umangokwera. Tisitima ta pa tebulo natonso timaterera, ndipo eni ake amasamala kuti zitunda zawo zisapitirire kwambiri muyeso womwewo. Wofuna kuumba njanji yathu akumbukirenso kuti ndi yopapatiza, mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwirizo, pamene tinjanji ta HO timatsanzira ya mamilimita 1,435 yofala ku Ulaya. Pa muyeso wa 87 yathu imafuna mamilimita 12 okha. Ndikanakhoza kukakamiza njanji kuti idutse m'dimba langa, koma munthu aliyense wa kumapiri kuno akanaona kuti sitima imeneyo ilibe kochokera ndi kolowera.

Phiri limayamba ndi mafupa. Ndimadula katoni m'timizere n'kutiluka ngati dengu lovundikira, kumata m'mphepete mwa thabwa, pansi pake n'kukankhiramo nyuzipepala zokwinya kuti lisatitimire. Pamwamba ndimayala mapepala a matumba a simenti oviika m'guluu woyera wa akalipentala wosungunula ndi madzi. Anzathu akunja amapakapo pulasitala. Ife tili ndi dothi la pachulu, limene chiswe chinalisefa kale, ndipo ukalisakaniza ndi utuchi pang'ono siling'ambika kwambiri likamauma. Lipakidwe mopyapyala kawiri kapena katatu, osati kamodzi mochindikala. Pa chinthu chimodzi chokha sindilola kutsutsidwa: phiri liyambe, msewu ubwere pambuyo. Ambiri amayala kaye msewu wosalala n'kuunjika dothi m'mbali mwake, ndipo chimatuluka chimaoneka kuti phiri ndi limene linabwera kudzaupeza msewuwo. Dothi lidakali lofewa, umatenga mpeni n'kudula mbali ya kumtunda kuti patsale khoma, lodulidwalo n'kulikankhira kumunsi. Ndi mmene gireda imachitira, ndipo diso la woyenda m'misewu imeneyi limazindikira msanga khoma lofiira kudzanja lino, phompho kudzanja linalo.

Penti ya m'chitini singafanane ndi dothi. Ndimatapa katondo pa chitunda, makande kudambo, mchenga wotuwa m'ngalande ya msewu, chilichonse m'kachitini kake. Ndimaliyanika, kulisinja, kulisefa ndi sefa ya ufa, kenako ndi kansalu kopyapyala, chifukwa pa muyeso umenewu kamwala ka mamilimita 3 ndi mwala woposa masentimita 25, woti ungathyole tayala la ngolo. Ena amayamba alikazinga m'chiwaya kuti tizirombo ndi njere za udzu zife. Pothira umapaka guluu, kuwaza dothi louma, kulinyowetsa ndi madzi a sopo pang'ono kuti guluu wosungunula alowerere osaima timadontho pamwamba. Guluu amadetsa dothi, moti chimene chinali chofiirira bwino m'chitini chimauma chitada. Mankhwala ake ndi kupera dothi lomwelo mpaka likhale fumbi, n'kulipaka ndi chala zonse zitauma.

Tonse timati dothi la kuno ndi lofiira, basi. Ukandandalika zitinizo pamzere mpamene umaona kuti chitunda chimodzi chili ndi mitundu yambiri, ndiponso kuti mitunduyo sinamwazike mwachisawawa. Kufiira kwenikweni kuli pa khoma lodulidwa, pamene dothi lapansi laonekera. M'munda wolimidwa zaka zambiri lafooka, lasakanikirana ndi phulusa ndi manyowa. Pakati pa msewu latuwa chifukwa matayala analipera ndipo mphepo inauluza fumbi lake. Kumunsi, kumene madzi amatula zonse zimene aba kumtunda, lada. Mtundu uliwonse ukunena kumene madzi anadzera.

Mmisiri wamkulu wa msewu wa dothi ndi mvula, ndiye ndi bwino kuilemba ganyu. Usanathire guluu wotsiriza umapendeketsa thabwa pang'ono, n'kuwaza madzi kumtunda kwa phiri ndi botolo loboola pachitsekerero, pang'onopang'ono, osafulumira. Madziwo amadzipezera okha njira. Amakumba tingalande togawikana, amakumana, amanyamula dothi losalala n'kukalitula pamene chitunda chathera, n'kusiya timiyala pamtunda. Ndi mpeni sungajambule zimenezi, pakuti dzanja limakonda mizere yofanana pamene madzi alibe nazo ntchito. Apa ndi pamene ndimakhalitsa chete. Ndimaonerera kachigwembe kakubadwa m'mphindi zochepa, kamene pa phiri lenileni kamatenga madzinja angapo, ndipo kamayambira pomwe pamayambira zigwembe zenizeni: pamene njira ya ng'ombe yatsika molunjika, pamene ngalande yatsekeka madzi n'kudumphira mu msewu, pakamwa pa kalavati pamene amatuluka ndi ukali. Kalavatiyo ndi kachidutswa ka bolopeni yakutha, kamene pa muyeso wathu kamafanana bwino ndi paipi ya simenti. Mbali ya kumtunda ndimaitseka theka ndi mchenga ndi tizinyalala, chifukwa kalavati yoyera mkati imapezeka chaka choyamba chokha. Madzi akamaliza ntchito yawo ndimadikira ziume, kenako n'kuthira guluu mosamala, dontho limodzilimodzi, kuti zimene alemba zisafafanizike.

Pamwamba pa msewu ndi pamene pamasainira onse odutsapo. Msewu wokonzedwa kumene umatukuka pakati kuti madzi azitsikira m'mbali. Wokalamba pakati pamatitimira, dzinja n'kusanduka mtsinje. Uyenera kusankha kuti wakowo uli pa msinkhu uti. Lole imasiya mizere iwiri yotakata, ndipo ndimaipanga pogubuduza ndalama yachitsulo pa dothi lonyowa. Ngolo imasiya yopapatiza, ng'ombe ziwiri zokokazo zimaponda chamkati mwake, pakati penipeni n'kutsala kamzere ka udzu ndi ndowe apa ndi apo. Wa njinga ya kapalasa ndi wa njinga yamoto sadutsa pakati. Amafunafuna m'mphepete mosalala, ndipo pakapita miyezi amapanga kanjira kawokawo kolimba, konyezimira, kozemba dzenje lililonse. Kameneka ndimakasalaza ndi kumbuyo kwa supuni. Pamene magalimoto amathamanga pamabadwa timabampu totsatizana tija togwedeza mano, ndipo chipeso chimatipanga bwino ukangokhudza mopepuka. Pa matope pamene lole inatitimira pamatsala nthambi ndi miyala imene anthu anaponyapo pokankha, komanso kamsewu kena kozembera kolowa m'munda mwa munthu. Mwini mundayo amazikapo zikhomo ndi minga kuti aletse, oyendetsa n'kuzembanso chapatali pang'ono. Mkangano wonsewo umakwana pa malo a chikhatho chimodzi.

Wofuna msewu wa phula, monga M1 pa Mponela kapena M14 wotsikira ku Salima, asathamangire penti yakuda. Phula limada lidakali latsopano. Dzuwa limalituwitsa, fumbi la m'mbali limalifiiritsa, ndipo chakuda chimatsala ndi zigamba zongomata kumene ndi madontho a oyilo pamene maminibasi amaima. Sandipepala yosalala kwambiri, yopaka motuwa, imagwira ntchito. M'mphepete musawongoke kwambiri, ndipo pambali pake pakhale kanjira ka dothi ka oyenda pansi.

Tinjira ta miyendo ndi timene timandichedwetsa, ngakhale kupanga kwake n'kosavuta: umangokanda ndi msomali n'kupakamo fumbi lotuwa. Chovuta ndi kudziwa kumene tikupita. Njira za m'mapiri muno n'zakale kuposa misewu. Pamene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok ankakhazikitsa mishoni ya Mvera mu 1889, m'dziko la mfumu Chiwere, kunalibe gireda; katundu ankakwera kuchokera kunyanja pamitu ya amtengatenga, m'njira zimene mapazi anali atasankha kale. Ndipo phazi lililonse lili ndi nzeru zake. Mayi wosenza ndowa sakwera chitunda molunjika, amachidula chopingasa. Mwana wochedwa kusukulu amadulira gulaye yense n'kukatulukira kutsogolo. Ng'ombe zimatsata mtsetse wofatsa, zikafika pa madzi n'kumwazikana. Choncho pa chitunda chimodzi pamakhala njira zingapo zopita kumodzi. Kanjira kalikonse ka pa thabwa ndimakafunsa: wachokera pakhomo pa yani, ndipo ukuthera pa mjigo, kuchigayo, kudimba kapena ku tchalitchi? Kopanda yankho ndimakafafaniza.

Minda ndiyo imapatsa mapiri a Dowa nkhope yawo. Alangizi amati mizere italikirane masentimita 75, ndiye pa muyeso wathu ndi mamilimita osakwana 9. Mwamwayi, katoni yochindikala ukaisenda pepala la pamwamba, mkati mwake mumatuluka mizere yokonzeka kale yotalikirana pafupifupi choncho. Umaidula m'tizidutswa, kuinyowetsa kuti ipindike motsata phiri, n'kuwazapo dothi. Koma usakhale munda umodzi waukulu. Phiri lathu ndi la zigambazigamba: uyu analima mopingasa motsata akalozera, ndi mzere wa vetiva pakati, woyandikana naye mizere yake yapendekera kumunsi ndipo mvula yaidula, winayo ali ku Joni, munda wake wamera tsekera. Malire ndi kamzere ka udzu, chitsa, phata la nthochi kapena mulu wa miyala. Udzu ndimapanga ndi chingwe cha khonje chomasula, chodula m'tizidutswa n'kuzika m'guluu, pamene mapesi otsala m'munda ndi timaudzu tothyola ku tsache.

Choumba chimaimitsa tsiku limodzi, ndiye uyenera kusankha mwezi. Febuluwale amabisa zonse, chimanga chatalika ndipo msewu suoneka. Ine ndimakonda kumapeto kwa Seputembala, minda ili mbee, mizere yatsopano yayamba kugalauzidwa, lupsa lada m'mbali mwa phiri, ndipo mitengo ya tsamba ndi mombo yatulutsa masamba ofiira mvula isanagwe. Amene sanaonepo angayese kuti wasokoneza penti. Mitengo imachokera mu waya wa mkati mwa chingwe cha magetsi chakutha: umapota timawaya tambiri pamodzi kukhala thunthu, n'kumatigawa kukhala nthambi. Mizu youma ya tizitsamba, ukaitembenuza, imaposa waya. Masamba ndi siponji ya matiresi akale yopera pa sefa n'kuinyika mu utoto. Mtengo uliwonse uli ndi kaimidwe kake komanso malo ake. Mango ndi wozungulira, wobiriwira modera, pansi pake popanda udzu chifukwa anthu amakhalapo. Bulugamu ndi wowonda, wa m'mizere, kawirikawiri pafupi ndi sukulu kapena tchalitchi. Katope ndi mkuyu zimatsata madzi. Ukasinthanitsa malo awo, woonera sanena chimene chalakwika, amangoti, “Kumeneku si kwathu.”

Thabwa ndi lalifupi, koma diso liyenera kuona mtunda, ndipo njira yake ndi yomwe amatsata ojambula zithunzi. Msewu umayamba masentimita 7 kutsogolo n'kumachepa pang'onopang'ono mpaka 4 kumbuyo. Nyumba zakumbuyo zimachepa kuposa zakutsogolo. Msewu usagunde khoma la kumbuyo poyera, ukhotere kuseri kwa chitunda kapena kwa mitengo, kuti woonera azimva kuti ukupitirirabe. Mitundu nayo imafooka ndi mtunda. Ukaima pa chitunda cha ku Ntchisi nyengo yotentha, phiri lapafupi ndi lofiirira, lachiwiri lotuwa, lachitatu silisiyana kwenikweni ndi thambo chifukwa cha utsi ndi fumbi. Nyanja, imene imaoneka kum'mawa tsiku loti mvula yatsuka mlengalenga, mwezi umenewo imasowa, ndiye pa khoma langa la kumbuyo sindinaijambule.

Funso la mwezi ndi lopepuka poyerekeza ndi la chaka. Mu 1925 mnyamata wa ku Australia, Roye England, anafika ku England n'kukonda midzi ya m'chigwa cha Vale of White Horse. Ataona kuti nyumba zofolera ndi udzu zikugwetsedwa, zina zikusinthidwa, anayamba kuziyeza ndi kuziumba pa muyeso wa 76, mmene zinalili m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Ntchitoyo inabala Pendon Museum mu 1954, ndipo ena anaipitiriza iye atamwalira mu 1995. Iye anasankha dzulo. Nanenso dzulo limandikopa. Akuluakulu amasimba za zitunda zimene zinali zowirira, zodzaza masuku ndi bowa, zimene lero zalimidwa mpaka pamwamba. Ndipo ku nkhalango ya Ntchisi munthu amaona ndi maso ake pamene minda yathera n'kuyambira mitengo italiitali, malire ake odziwikiratu. Dzanja limafuna kubzala mitengo paliponse, chifukwa imakongoletsa, ndiponso imabisa pamene waphonya.

Koma ndikabzala mitengo phiri lonse, chigwembe chimene madzi anakumba chija chimakhala chopanda kholo, pakuti phiri la mitengo silikumbika chotero. Uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba ya malata ukufuna zitsa kuti umveke. Chigafa cha fodya nachonso mitengo yake inachokera penapake. Sindingatenge msitu wa nthawi ya agogo n'kuuphatikiza ndi mjigo ndi njinga yamoto za lero, n'kumati ndaumba malo. Ndikanaumba chilakolako changa chabe. Ndiye ndasankha lero, zitsa zake ndi zigwembe zake zomwe, popeza lero ndi limene ndingapite kukaliyang'ananso ndikakayika, n'kutapa dothi lake. Ndiponso lero nalonso silikhalitsa. Msewu wochokera ku Lumbadzi kupita pa boma la Dowa unali wa fumbi, tsopano ndi wa phula. Madenga a udzu akuchepa, njinga zamoto zikulanda malo a za kapalasa. Kamsewu kanga ka dothi, kamene panopa palibe angakachitire chidwi, tsiku lina kadzakhala chinthu chimene ana azidzafunsa kuti chinali chotani.

Pali mitengo imene imakhalabe ngakhale pa phiri lometedwa. Kuchigawo chapakati kuno, ukaona mitengo yachilengedwe yowirira pakati pa minda, sufunsa, umadziwa kuti ndi kumanda. Pa thabwa ndinaika kamsitu kotere kuseri kwa mudzi, chifukwa popanda iko mudziwo ukanaoneka wa obwera, anthu amene sanaikepo maliro pamalopo. Ndinakapanga kothithikana koti diso lisalowe, ndi kanjira kamodzi kolowera. Mkati sindinaumbemo kanthu. Za kumeneko zili ndi eni ake.

Anthu ndimaika ochepa, ndipo ndimasankha ongokhala. Kachidole kothamanga koma kosasuntha kamatopetsa maso, pamene munthu wokhala pa mwala kudikira matola angakhale pomwepo chaka chonse osadabwitsa aliyense. Mayi waima pa mjigo kudikira ndowa idzaze, mbuzi yagona pakati pa msewu, njinga yatsamira pa khonde la golosale. Mwana wa mlongo wanga atabwera kudzaona anafunsa, “Malume, nanga galimoto ili kuti?” Ndinati sinafike. Anatsata msewu wonse ndi maso mpaka pamene ukubisala kuseri kwa chitunda, nati, “Ndiye kuti mlatho wa kutsogoloko sanaukonzebe.”

Choumba cha dothi ndi katoni chili ndi adani ake. Phala la ufa wa chinangwa limamata bwino ndipo n'losadula, koma limaitana mphemvu ndi makoswe, n'chifukwa chake ndimadalira guluu wa akalipentala ngakhale mtengo wake umawawa. Chiswe sichichedwa kupeza katoni, ndiye thabwa lisakhudze khoma kapena pansi, ndipo miyendo ya tebulo iime m'zitini zothiramo oyilo wakutha. M'dzinja chinyezi chimafewetsa guluu, mizere ya katoni n'kumatukuka m'mphepete, moti imafuna kumatanso. Fumbi la Okutobala limagwera zonse mofanana n'kufafaniza kusiyana kwa katondo ndi makande, choncho ndimafundika nsalu, potsuka n'kumapukuta ndi nthenga ya nkhuku. Ntchito nayo sinathe: kumunsi, kudimba, katoni ikuonekerabe. Kukufunika mabedi a tomato ndi mpiru, chitsime chosaya ndi mpanda wa udzu wotchinga mbuzi, koma makande a kumeneko amang'ambika kwambiri akauma paokha, ndiye ndiyamba ndawasakaniza ndi mchenga wosefa.